PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA THUMBA LA KHONSOLO YA BOMA LATHU

Muyambe mwawerenga: 2 Mafumu 12:4-15, Nehemiya 3 ndi 5:14-19, Luka 14:28-30, Macitidwe 6:1-6, 2 Akorinto 8:16-22.

M'midzi yambiri mumveka dandaulo limodzi. Mjigo wafa, mlatho unakokoloka ndi madzi, ana alikuphunzira patsinde pa mtengo, ndipo anthu angoti, "Boma latiiwala." Akatero abwerera kumunda, nayesa kuti nkhani yatha. Koma ambiri a odandaulawo sadziwa kumene nkhani za mjigo ndi mlatho ziweruzidwa, kapena miyezi imene ziweruzidwa, kapena dzina la munthu amene iwo eni anamtuma kukawalankhulira kumeneko. Cifukwa cace phunziro la mwezi uno liri la Khonsolo ya boma ndi thumba lace. Tifuna kuti muzindikire kuti ndalama za m'thumbamo nzanu, ndi kuti njira yakuzigawa iyambira pabwalo la mudzi wanu. Mkristu amene akhala kutali ndi bwalolo, osafunsa kanthu, wasiya nchito imene Mulungu anampatsa pakati pa anansi ace.

1. KUMENE KHONSOLO INACOKERA

Dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi m'caka ca 1891, ndipo posacedwa Harry Johnston anaika msonkho wa nyumba. Makolo athu anapereka masheleni 3 pa nyumba iri yonse, ndalamazo nizinka ku Zomba, ndipo wopereka analibe liu pa kagawidwe kace. M'caka ca 1933 Boma linapatsa mafumu akuru mphamvu yakuweruza milandu m'mabwalo ao ndi yakuika malamulo ang'ono m'maiko mwao. M'kupita kwa zaka mafumuwo anakhalanso ndi matumba ao, m'mene munalowa gawo la msonkho ndi ndalama za milandu, zakulipira alembi ndi amithenga ndi nchito zing'onozing'ono. Lamulo la Makhonsolo a maboma linadza mu 1953.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 Makhonsolo anakhalapobe, koma m'zaka za cipani cimodzi mphamvu ndi ndalama zinasonkhana ku likuru, Makhonsolo nafooka. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano lakubwezera mphamvu ku maboma, limene anthu analidziwa ndi mau akuti mphamvu ku anthu. Makhansala anasankhidwa mu November 2000. Nyengo yao itatha mu 2005 sipanakhala cisankho cina, ndipo dziko linatha zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yense, kufikira May 2014. Kuyambira pamenepo tawasankhanso mu 2019 ndi mu September 2025.

Mbiri iyi itiphunzitsa kuti mwai wakulankhulapo pa ndalama za boma lathu suli wakale, ndi kuti unatisowapo kale. Agogo athu anapereka osafunsidwa. Ife tifunsidwa, ndipo tikakhala cete mlandu uli wathu.

2. AMENE AKHALA M'KHONSOLO, NDI NCHITO ZACE

Dziko la Malawi liri ndi maboma 28, ndipo boma liri lonse liri ndi Khonsolo yace. Mizinda inai ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba iri ndi Makhonsolo aoao, momwemonso matauni ena monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Boma ligawidwa m'zigawo zochedwa mawodi. Pa cisankho ca 2025 mawodi analipo 509 m'dziko lonse, ndipo wodi iri yonse isankha khansala mmodzi.

Makhansala ndiwo aponya voti pa zoweruza za Khonsolo, nasankha wapampando mwa iwo okha. Mafumu akuru akhala nao pamsonkhano nalankhula, koma saponya voti. Momwemonso anthu owerengeka oimira magulu, monga a amai ndi a acinyamata. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anapatsidwa voti m'Khonsolo mu 2010, koma mu 2025 Bwalo Lalikuru la milandu linaweruza kuti ici cisemphana ndi malamulo akuru a dziko. Bwana DC sasankhidwa ndi anthu. Aikidwa ndi Boma lalikuru kukhala mkuru wa anchito onse a Khonsolo, ndiye asunga mabuku, nacita zimene Khonsolo yabvomereza.

Nchito za Khonsolo ndizo zimene zikhudza mudzi tsiku ndi tsiku: sukulu za pulaimale, cipatala ca boma ndi zipatala zing'ono za m'madera, ulangizi wa ulimi ndi ziweto, madzi a m'midzi, miseu ing'ono ndi milatho yace, ndi misika. Mseu waukuru wa M1, zipatala zazikuru monga ca Queen Elizabeth ku Blantyre, apolisi ndi ankhondo, izi nza Boma lalikuru. Kuli bwino kudziwa kusiyana kumeneku, kuti dandaulo lanu ligogode pa khomo lace lenileni.

3. KUMENE NDALAMA ZICOKERA

M'thumba la Khonsolo mutsikira mitsinje itatu. Woyamba ndiwo wa ndalama zimene Khonsolo isonkhanitsa yokha: ziphaso za pamsika, zitupa za masitolo ndi zigayo, ndi msonkho wa malo ndi nyumba m'matauni. M'maboma a kumidzi mtsinje uwu uli waung'ono.

Waciwiri, umene uli waukuru, ndiwo wa ndalama zocokera ku Boma lalikuru. Wina adzati, "Zimenezo nza Boma, siziri zanga, pakuti msonkho wa nyumba unatha kale." Iai, mbale. Pamene mugula nsaru, malata, simenti, kapena mayunitsi a foni, gawo la mtengo wace ndilo msonkho. Mai wa kumudzi amene sanaonepo ofesi ya msonkho aupereka caka conse osadziwa. Ndondomeko ya 1998 inalonjeza kuti magawo 5 mwa magawo 100 a zimene Boma lisonkhanitsa adzanka ku citukuko ca maboma, koma zaka zambiri zofika zinaperewera pa lonjezolo, ndipo kawirikawiri zifika mocedwa. Dziwaninso kuti zambiri za ndalama izi zidza zitalembedwa kale nchito yace: za cipatala sizingamange mlatho, ndi za sukulu sizingakumbe mjigo. Cotero zimene Khonsolo ikhoza kusankhira nchito mwaufulu ziri zocepa koposa momwe anthu ayesera. Palinso thumba la citukuko ca dera la phungu, lochedwa CDF, limene linayamba mu 2006. Nalonso lidzera m'mabuku a Khonsolo, ndipo siliri mphatso ya m'thumba la munthu ali yense.

Wacitatu ndiwo thandizo la maiko ena ndi mabungwe. Ili liyenera kuyamikidwa, koma lifika ndi kucoka monga mvula ya cizimalupsa, ndipo mudzi sungamange moyo wace pa ilo.

Caka ca ndalama za Boma cinali kuyamba pa 1 July, koma kuyambira mu 2022 ciyamba pa 1 April, nicitha pa 31 March. Potero ciwerengero ca zolowa ndi zoturuka, cimene acicha bajeti, cikonzedwa m'miyezi ya dzinja, pamene inu muli kalikiliki ndi kupalira ndi kubandira. Cikabvomerezedwa ndi Khonsolo cinka ku komiti ya dziko lonse yoona za cuma ca Makhonsolo, ndipo potsiriza Nyumba ya Malamulo ibvomereza gawo locokera ku Boma. Mudzi wanzeru upangana zofuna zace m'cilimwe, anthu atakolola, kuti pempho lace lifike mabuku asanatsekedwe.

4. NJIRA YA PEMPHO KUCOKERA KUMUDZI

Pempho la mudzi liri ndi makwerero ace. Pansi pali komiti ya citukuko ya midzi ya gulupu mmodzi, imene anthu aicha VDC. Anthu a m'midzimo asankha okha amuna ndi akazi okhala m'komitiyo, ndipo nchito yace ndiyo kusonkhanitsa anthu, kumva zosowa zao, ndi kuzilemba m'ndandanda, coyamba patsogolo. Pamwamba pace pali komiti ya dera lonse la mfumu yaikuru, yochedwa ADC, imene ilandira ndandanda za ma VDC onse, nizilinganiza. Alangizi a ulimi, a zaumoyo ndi a maphunziro a m'deralo aithandiza ndi nzeru za nchito zao. Zocokera ku ADC zinka ku boma, kumene akuru a nthambi zonse aziyesa, nazilowetsa m'buku la citukuko ca boma la zaka zingapo. Pomariza makhansala abvomereza zimene zidzacitika caka cimeneco.

Taonani tsono, cinthu cimene sicinanenedwe pa msonkhano wa VDC cibvuta kuti cioneke m'buku la ku boma. Pamene mfumu yaitana msonkhano wa citukuko, ndipo kwafika anthu khumi okha, anthu khumiwo ndiwo alankhulira midzi yonse. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anagawira mabanja ndi magulu zigawo zao, ambiri namanga pandunji pa nyumba zao, ndipo ana akazi a Salumu anagwira nchito pamodzi ndi atate wao. Linga linatha masiku 52. Koma mlembi sanaiwala kulemba kuti omveka a ku Tekowa anakana kugwira nao nchito, ndipo manyazi ao awerengedwa kufikira lero. Mutu umodzi susenza denga. Amai makamaka asamakhale kumbuyo osanena kanthu, pakuti iwo ndiwo adziwa kutalika kwa njira ya kumadzi ndi ya kucipatala.

5. KUSANKHA, POPEZA THUMBA SILIKWANIRA ZONSE

Tiyerekeze kuti m'dera lina muli midzi itatu. Wina ufuna mjigo, wina ufuna mlatho pa mtsinje umene ana aoloka ponka kusukulu, ndi wina ufuna nyumba ya mphunzitsi. Koma ndalama za caka cimeneco zikwanira cimodzi cokha. Zonse zitatu ziri zabwino. Apa mpamene pabuka ndeu, ndipo apanso mpamene Mkristu ayenera kuonetsa mtima wina. Malembo atipatsa miyeso itatu.

Woyamba ndiwo kuwerengera mtengo. Ambuye Yesu ananena za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuona ngati ali nazo zakutsiriza, angasekedwe ndi anthu atangoika maziko. Ndani wa ife sanaone cipinda ca sukulu cimene cinaima pa mazenera, nicigumuka ndi mvula cisanafoleredwe? Kuli bwino kutsiriza cimodzi koposa kuyamba zitatu. Ndipo mtengo wa cinthu sutha tsiku lakucitsegulira. Walira mvula walira matope: sukulu ifuna mphunzitsi ndi zimbudzi, ndi mjigo ufuna komiti yace ndi kathumba kakugulira zitsulo zikatha.

Waciwiri ndiwo kukonza cakugumuka tisanafune cokongola. M'masiku a mfumu Yoasi ndalama zakukonzera nyumba ya Yehova sanapange nazo mbale zasiliva kapena malipenga, koma anazipereka kwa amisiri a mitengo ndi a miyala kuti atseke ming'alu. Anthu akonda cinthu catsopano cifukwa cikhala ndi mwala wolembedwa maina, ndi tsiku la magule ndi zolankhula. Kukonza mjigo wakufa kulibe ng'oma. Koma kumbukirani kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino. Nthenda imeneyo iyenda m'madzi oipa ndi kumene kulibe zimbudzi. Mudzi umene mjigo wace wafa ubwerera kukatunga kudambo, ndipo oyamba kudwala ndiwo ana.

Wacitatu ndiwo kukumbukira oiwalika. Mu Mpingo woyamba munabuka kudandaula cifukwa amasiye a Ahelene analikuiwalika pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawadzudzula odandaulawo. Anauza anthu asankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino kuti ayang'anire nchitoyo. M'boma liri lonse muli midzi ya kuseri kwa phiri, kumene galimoto sifika m'dzinja, ndi kumene sikucokera munthu womveka. Cikristu cathu ciyesedwa pamene tikhoza kuimirira pa ADC ndi kunena kuti, "Caka cino ayambe anzathu a kutsidya, pakuti kusowa kwao kuposa kwathu."

6. KUWERENGA POYERA

Yoasi anayamba walamulira ansembe kuti alandire ndalama ndi kukonza nyumba ya Yehova, koma pofika caka ca 23 ca ufumu wace ming'alu inali cikhalire. Pamenepo Yehoyada wansembe anatenga bokosi, naboola ciboo pa cibvundikiro cace, naliika pafupi ndi guwa la nsembe. Ndalama zikacuruka, mlembi wa mfumu ndi mkuru wa ansembe anadza onse awiri, naziwerenga pamodzi, nazimanga m'matumba, nazipereka kwa oyang'anira nchito. Ndipo nchito inayenda. Zoona, kwalembedwa kuti oyang'anirawo sanafunsidwa ciwerengero popeza anali okhulupirika. Koma cikhulupiriro cimeneco cinadza ndalama zitawerengedwa ndi anthu awiri, ndi makoma alikukwera pamaso pa onse. Paulo yemwe, pakutengera zopereka ku Yerusalemu, sanafuna kuzinyamula yekha, koma anayenda ndi abale osankhidwa ndi Mipingo, kuti munthu asapeze pomnenera. Ngati mtumwi analola kuperekezedwa, khansala kapena wapampando wa komiti asakwiye pofunsidwa.

Tsono nchito ikafika m'mudzi mwanu, funsani zinthu izi mwaulemu: Ndalama zace nzingati, ndipo zacokera m'thumba liti? Wapatsidwa nchitoyi ndani? Idzatha liti? Matumba a simenti ndi malata afika angati? Katundu akafika, awerengedwe ndi anthu atatu, alembedwe m'buku, ndipo bukulo liwerengedwe mokweza pa msonkhano. Amene mudziwa kulemba ndi kuwerengera, iyi ndi nchito yanu. Sukulu munailandira kuti mutumikire nayo iwo amene sanailandira.

Musaope kuti kufunsa nkulakwira Boma. Misonkhano ya Khonsolo yonse iri yapoyera, ndipo munthu wamba aloledwa kukhala pansi ndi kumvera. Mabuku a Khonsolo ayang'anidwa ndi mkuru wofufuza mabuku a cuma ca Boma. Ndiponso lamulo la 2017, limene linayamba kugwira nchito mu September 2020, lipatsa nzika mphamvu yakupempha kuona zolembedwa za maofesi a Boma. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma cenjerani ndi lilime. Kufunsa nkwina, kunamizira nkwina, ndipo lamulo lacisanu ndi cinai liletsa umboni wonama. Musamuche munthu mbala pa mphekesera za pamowa kapena za pafoni. Yambani mwafunsa mwini wace. Akapanda kuyankha, nkani kwa khansala, kwa ADC, ndi kwa DC. Ndipo pakakhala umboni weniweni wa kuba, alipo a bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB.

Ndipo tisanaloze cala ku boma tidziyese tokha. Wogulitsa pamsika amene apatsa wokhometsa ndalama yocepa, napangana naye kuti asalembe ciphaso, waba naye pamodzi m'thumba la mudzi. Wotenga thumba limodzi la simenti ya sukulu kukazira khonde lace waba kwa ana ace omwe.

7. MAU KWA MKRISTU WOSANKHIDWA

Ena a inu owerenga muli makhansala, kapena a m'makomiti a VDC ndi ADC. Nehemiya anali kazembe wa Yuda zaka 12, ndipo m'zaka zonsezo sanadya cakudya cimene kazembe anayenera kulandira, popeza anaona kuti anthu analemedwa kale; akazembe a patsogolo pace anawasautsa, koma iye analeka cifukwa ca kuopa Mulungu. Mayesero anu adziwika: kufuna misonkhano cifukwa ca ndalama za pamsonkhano, kukokera mjigo pafupi ndi khomo lanu, kupatsa nchito mlamu wanu amene sadziwa kumanga, kumana mudzi wina cifukwa sunakuvotereni. Mpingo sukufunsani za cipani canu. Ukufunsani ngati anthu a m'dera lanu, poona macitidwe anu ndi ndalama za onse, adzalemekeza dzina la Kristu kapena adzalicitira mwano. Bwererani kwa anthu amene anakutumani, muwauze zimene zinabvomerezedwa ndi zimene zinakanidwa, ndi cifukwa cace, ngakhale mauwo ali owawa.

Ndi inu osankha, musagulitse voti yanu ndi mcere kapena nsaru. Wogula mpando adzafuna kubweza ndalama zace, ndipo adzazitenga m'thumba lanu lomwe. Yeremiya anauza andende a ku Babulo kuti afunire mtendere mudzi wa eni ace ndi kuupempherera. Nanga ife, okhala m'dziko la makolo athu, tidzacita zocepa kodi?

MAFUNSO A M'KALASI

1. Khansala wa wodi yanu ndani, ndi wapampando wa VDC yanu ndani?
2. Caka ca ndalama za Boma ciyamba mwezi uti, ndipo mudzi uyenera kupangana zofuna zace nyengo iti?
3. Chulani mitsinje itatu imene itsikira m'thumba la Khonsolo.
4. Yehoyada anacitanji kuti nchito yakukonza nyumba ya Yehova iyende?
5. M'dera lanu, mudzi woiwalika koposa ndi uti, ndipo Mpingo wanu ungaulankhulire bwanji?

Akuru a Mpingo ndi aphunzitsi awerenge phunziro ili ndi anthu ao Sabata lina la mwezi uno, ndipo potsiriza apempherere mafumu, makhansala, DC ndi anchito ace, monga Paulo analangiza Timoteo, kuti Mulungu awapatse manja oyera ndi mtima wakukumbukira aumphawi.